Masikelo Ndi Awiri: Tisanagulitse, Tipatule Gawo la Mwana

Mawu amene mlangizi wathu wa zaulimi anayankhula pa chikondwerero cha zaka khumi za kopaletivi, kuno ku Champhira

Ndiyankhula m'Chichewa chifukwa cha alendo athu ena, koma lilime likaterereka n'kugwera m'Chitumbuka mundikhululukire, madzi a kuno ndawamwa nthawi yaitali.

Choyamba ndikuyamikireni. Zaka khumi si masewera. Magulu ambiri a alimi amayamba ndi nyimbo ndi nthungululu, koma ikangolowa ndalama yoyamba, gulu limakathera pa bwalo la mfumu. Inu mwapirira, mwakangana, mwagwirizananso, ndipo lero muli pano. Amene ayankhula ine ndisanaimirire anena kale za matumba, za masheya ndi za misika. Ine a komiti anandipempha kuti ndinene za zaka khumi zikubwerazi. Ndinaganiza zonena za mbewu kapena za manyowa, koma ndasankha kunena za mbale ya mwana.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Chaka changa chachiwiri pa ntchito ino ndinali ndi mlimi wina amene ndinkamunyadira kwambiri. Sinditchula dzina kapena mudzi, ndipo musayambe kuyang'anana, sali pano. Munda wake wa soya unali ngati wa m'buku. Anabzala pa nthawi yake, anathira inokulanti, anapalira udzu usanakule. Alendo akabwera ndinkathamangira nawo kumeneko. Atakolola anagulitsa zonse, anagula malata, ine n'kulemba mu lipoti kuti banja ili latukuka.

Mwezi wa Januwale wotsatira ndinapita ku chipatala kukaona m'bale wanga. Pa mzere wa amayi olandira chiponde ndinaona mayi a pa banja lomwe lija, mwana ali kumsana. Mwana wa chaka ndi miyezi ingapo, tsitsi lofiirira lopyapyala, m'mbali mwa kamwa muli zilonda, maso ongoyang'ana, osaseka n'komwe. Mayi aja atandiona anazolika. Koma woyenera kuzolika ndinali ine. Pa khomo pawo ndinapitapo kambirimbiri, ndinayeza munda, ndinawerenga matumba, koma ndi tsiku limodzi lomwe sindinafunsepo kuti, "Kodi mwanayu wadya chiyani lero?" Nditafunsa tsiku limenelo, yankho linali ili: m'mawa bala la ufa woyera lothira mchere, shuga akapezeka, masana sima ndi msuzi wa mphangwe, madzulo chimodzimodzi. Soya yense anapita pa sikelo ya ogula.

Kuyambira tsiku limenelo ndimati masikelo ndi awiri. Pali sikelo yoyezera matumba, ndiye pali sikelo ya ana, ija amayi amapita mwezi ndi mwezi. Sikelo yoyamba tayiphunzira bwino, palibenso venda angatibere. Yachiwiriyi ife azibambo ambiri sitidziwa ngakhale tsiku lake.

Vutoli si la banja limodzi lija. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 ndi opinimbira. Mu 2010 anali 47, ndiye tinayesetsa ndithu, koma 37 ndi ambiribe. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha ndi amene ankadya moyenera, kutanthauza zakudya zamagulu okwanira komanso kangapo pa tsiku. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya tonse timawaimba pamtima: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, zamasamba, zipatso ndi mafuta. Lero ndikufuna ndikufotokozereni chifukwa chimodzi chimene timalimbikira kuti magulu amenewa akumane m'mbale imodzi, osati lero ili, sabata yamawa linalo.

Tikati mwana wapinimbira timaona msinkhu. Chimene sitiona ndi cha m'mutu. Ubongo wa munthu, mutauchotsa madzi, theka la chotsalacho kapena kuposerapo ndi mafuta. Koma si mafuta aliwonse ayi. Mu 1929 katswiri wina wa ku America, George Burr, ndi mkazi wake Mildred Burr, anaonetsa kuti pali mafuta ena amene thupi silingathe kupanga lokha, ayenera kulowa kudzera pakamwa. Mafuta amenewa ali mitundu iwiri, omega-6 ndi omega-3. Omega-6 ndi wochuluka mu mtedza, mu mpendadzuwa, mu nthanga za maungu ndi m'kamtima ka chimanga. Omega-3 ndiye wosowa. Amapezeka mu soya, pang'ono m'masamba obiriwira, koma mwini wake ndi nsomba. M'banja la omega-3 muli mafuta ena otchedwa DHA. Awa ndiwo njerwa zomangira ubongo ndi maso, ndipo amafunika kwambiri miyezi itatu yomaliza ya pathupi ndi zaka ziwiri zoyamba za mwana. Ndi chifukwa chake a zaumoyo amangonena za masiku 1000 oyamba. Ife alimi tinanena kalekale kuti m'mera mpoyamba.

Tsono kumbali inayi kuli mavitamini a gulu la B. Alipo asanu ndi atatu: B1, B2, B3, B5, B6, B7, B9 ndi B12. B9 ndi amene amatchedwa folate, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza tsamba, ndipo ndi yemwe uja ali m'mapiritsi a magazi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo. Mavitamini amenewa amasungunuka m'madzi, ndipo ambiri mwa iwo thupi siliwasunga nthawi yaitali. Ndiye kuti ayenera kubwera tsiku ndi tsiku.

Kodi mafuta aja ndi mavitamini awa akukumana pati? Amakumana malo atatu.

Malo oyamba ndi posandutsa. Omega-3 wa mu soya sanafike pokhala DHA. Ali ngati chimanga chosagaya: ndi chakudya inde, koma simungaphike nacho sima. Thupi liyenera kumusandutsa kaye, ndipo chigayo cha m'thupi chimene chimagwira ntchito imeneyi chimadalira B2, B3 ndi B6 kuti chiyende bwino. Mavitamini amenewa akachepa, chigayo chimatsamwa. Ndipo ngakhale chiyende bwino chotani, DHA amene chimatulutsa ndi wochepa. Nsomba ndiyo imabwera ndi DHA wogayagaya.

Malo achiwiri ndi ponyamula. Chiwindi chili ngati nyumba yathu yosungira katundu ija. Mafuta akafika mmenemo ayenera kulongedzwa kuti ayende m'magazi kupita ku ubongo. Ntchito yolongedzayi imafuna folate, B12 ndi B6, komanso chinthu china chotchedwa choline chimene chimapezeka kwambiri mu yolki ya dzira. Inu mukudziwa bwino zimene zimachitika soya akakhala mbwee koma matumba palibe, galimoto palibe. Katundu alipo, koma safika kumene akufunika.

Malo achitatu ndi m'mitsempha. Amene muli ndi sola kunyumba mwaona kuti waya amakutidwa ndi pulasitiki kuti moto usathawire panjira. Mitsempha ya ubongo nayo imakutidwa ndi chikuto chopangidwa ndi mafuta, ndipo kuti chikuto chimenechi chipangike ndi kukhala cholimba pamafunika B12. Mwana wosowa B12 amachedwa kukhala, kukwawa ndi kuyankhula, amakhala wofooka, magazinso amachepa. Onjezerani apo kuti thupi likafuna kuwotcha mafuta kuti mwana apeze mphamvu zosewerera, B2, B3 ndi B5 ndiwo amayatsa moto.

Kuno kwathu timalima ndi ng'ombe, ndiye mundimva msanga. Mafuta abwino ndi mavitamini a B ndi ng'ombe ziwiri za goli limodzi. Mukamanga imodzi yokha, ngakhale ikhale yonenepa bwanji, pulawo singayende mowongoka.

Kuti musaganize kuti ndikungopeka, tamverani zimene ena anapeza. Ku Oxford, ku England, akatswiri anapatsa okalamba a zaka zoposa 70 amene anayamba kuiwalaiwala mapiritsi a B6, B12 ndi folate kwa zaka ziwiri. Mu 2015 ataunikanso zotsatira zake anapeza kuti mavitaminiwo anathandiza kuteteza ubongo mwa amene anali ndi omega-3 wambiri m'magazi, pomwe mwa amene anali ndi wochepa sanathandize kwenikweni. Awo anali agogo, si ana, koma phunziro lake ndi la goli lomwe lija.

Kuno ku Malawi nako kuli umboni. Chiponde chimene chimapulumutsa ana onyentchera chimapangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Ochita kafukufuku m'chigawo cha kummwera anaona kuti ana ena akamadya chiponde cha masiku onse thupi limabwerera, koma DHA m'magazi amatsika, chifukwa omega-6 akachulukitsa amapondereza mnzake uja: onse awiri amagaitsa pa chigayo chimodzi. Atasintha mtundu wa mafuta n'kuwonjezeramo DHA, ana amene anadya chiponde chatsopanocho anachita bwino pa mayeso a kakulidwe ka nzeru patapita miyezi isanu ndi umodzi. Phunziro kwa ife ndi lakuti nsinjiro ndi zabwino, koma nsinjiro zokha sizikwana. Zimafuna soya ndi usipa pambali.

Nkhani ya mazira nayo ndi yophunzitsa. Ku Ecuador, dziko la ku South America, anapatsa ana aang'ono dzira limodzi pa tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kupinimbira kunatsika kwambiri, ndipo choline ndi DHA zinakwera m'magazi. Atayesa zomwezo ku Mangochi, m'madera a Lungwena ndi Malindi, pa ana 660 mu 2018 ndi 2019, msinkhu wa ana odya dzira sunasiyane kwenikweni ndi wa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula ndi chakuti ana ambiri a kumeneko amadya kale nsomba. Ndiye dzira si mankhwala amatsenga, limatseka dzenje pamene pali dzenje. Funso ndi lakuti, ife a kuno kumtunda, kutali ndi nyanja, mwana wathu amalawa somba kangati pa sabata? Yankho mukulidziwa nokha.

Tsopano tibwere pakhomo. Zinthu zonse ndatchulazi, kupatula nsomba, timalima ndi kuweta tokha. Nanga zimatayika pati?

Zimayamba kutayika pa chigayo. Njere ya chimanga ili ndi khungu, ili ndi kamtima, ili ndi choyera chija. Mavitamini a B ambiri ali m'khungu ndi m'kamtima, mafuta nawo ali m'kamtima. Tikakonola, zonsezo zimapita ku madeya. Kenako timaviika mphale masiku angapo, mavitamini otsala n'kusungunukira m'madzi, madziwo n'kutaya kuseri. Chotsala ndi ufa woyera mbee, wokoma pakamwa, wokhutitsa, koma wopanda kanthu kwenikweni koposa mphamvu. Madeya aja timapatsa nkhumba ndi nkhuku. N'chifukwa chake nkhumba zathu zimanyezimira. Mukuseka, koma taganizani: chakudya cha ubongo wa mwana tikunenepetsera nkhumba. Ufa wa m'mafakitale akuluakulu amauthira mavitamini, koma chigayo cha pamudzi sichithira kanthu.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima, kuti mgaiwa ndi wa osauka, wa ku ndende, wa ana a sukulu yogonera konko. Kwathu nakonso ankatero, ndipo ine ndemwe ndinavutika kuti ndizolowere. Sindikuti musiye sima yoyera. Mlendo akabwera muphikireni yoyera. Ndikupempha chinthu chimodzi: phala la mwana likhale la mgaiwa. Muzigaitsa pang'onopang'ono, chifukwa mgaiwa uli ndi mafuta, ukakhalitsa umayamba fungo.

Koma mgaiwa pawokha si mathero. B3 wa m'chimanga ndi womangika, thupi limalephera kumutenga bwino. Anthu akamadya chimanga chokhachokha amadwala pellagra: khungu la m'khosi, m'manja ndi m'miyendo limada n'kumasupuka ngati lapsa, amatsegula m'mimba, kenako mutu umasokonezeka. Akuluakulu mukukumbukira nthawi imene tinalandira abale athu othawa nkhondo ku Mozambique. Mu 1990, pakati pa Febuluwale ndi Okutobala, anthu oposa 18,000 m'misasa yawo anadwala pellagra, ndipo vutoli linabuka mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Si nkhani yakale yokha ayi. Mu 2015 ndi 2016 matendawa anagwira anthu mazanamazana ku Kasese, m'boma la Dowa, pa msewu womwe uno wa M1 tikamapita ku Lilongwe. Skaŵa zimene timagulitsa mpaka ndowa yomaliza ndizo zili ndi B3 wochuluka.

Kwina kumene timataya ndi pamoto. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga, komanso zimapha B1 ndi anzake. Masamba ophika mpaka kuda, folate wapita. Madzi ophikira ndiwo tikataya, mavitamini apita nawo. Mkaka ukakhala padzuwa m'botolo loonekera, B2 amawonongeka. Choncho nkhwani, khwanya, bonongwe, chisoso, luni ndi mpiru tiziphika ndi madzi ochepa, nthawi yochepa, chivundikiro chili pamwamba, n'kutendera kapena kudonthezamo mafuta. Mafutawo amathandizanso thupi kutenga vitamini A wa m'masamba ndi wa mu mbatata yofiira mkati.

Kwachitatu kumene timataya ndi pa msika. Pitani pa Jenda tsiku la msika muone nyemba, mtedza, soya, mazira ndi nkhuku zimene zikukwera magalimoto kupita ku Mzuzu, ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Ndi zathu zimenezo. Pobwerera m'thumba muli sopo, mchere, shuga, ndi tizakudya ta m'mapaketi toti mwana asalire. B12 sapezeka m'mbewu iliyonse ya kumunda. Ali mu nsomba, mazira, mkaka, chiwindi ndi nyama basi. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu, dzira limodzi limamupatsa pafupifupi theka la B12 amene akufunika tsiku limenelo. Koma dzira timati ndi la ndalama ya mchere, kapena la bambo, kapena la mlendo. Ndipo ife a ku Mzimba tili ndi chuma china chimene ena alibe, chambiko. Makolo athu a Chingoni sankadziwa dzina loti B2 kapena B12, koma ankadziwa kuti mwana wa pa khomo la ng'ombe amakula bwino. Mkakawo tiyambe tawiritsa, tisunge m'chiwiya choyera, mwana alandire gawo lake tisanatumize wotsala ku msika.

Ndinene za amayi. Mwana asanabadwe komanso miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, mbale yake ndi mayi ake. DHA, B1, B2, B6 ndi B12 za mu mkaka wa m'mawere zimakwera kapena kutsika malinga ndi zimene mayiyo akudya. Mayi akamadya sima ndi masamba okhaokha, mkaka utuluka ndithu, ndipo ukadali chakudya choposa china chilichonse kwa khanda, koma zinthu zimenezi zimachepamo. Ndiye usipa ukalowa m'nyumba, woyamba kupatsidwa akhale mayi woyembekezera ndi woyamwitsa. Folate naye amafunika msanga zedi, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Choncho atsikana ndi amayi achitsikana azidya nchunga ndi masamba nthawi zonse, ndipo akangozindikira ayambe sikelo msanga, mapiritsi aja amwe, asawabise pansi pa mphasa.

Agogo athu, apongozi athu, ndikugwadireni. Kuno mkamwana amakhala pamudzi pa mwamuna, ndipo mawu anu pa za mwana ndi lamulo. A zaumoyo akati mwana ayamwe mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, wopanda madzi, wopanda dawale, mkamwana sangakwanitse inu mukapanda kuvomera. Mukati mayi wapakati asadye dzira, sadya. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu, tithandizeni nayo. Kumpoto kwa boma lathu lomwe lino, ku Ekwendeni, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities linayamba mu 2000 kulimbikitsa alimi kubzala nandolo, mtedza ndi soya. Anaphunzira msanga kuti kukolola nyemba zambiri pakokha sikunenepetsa mwana. Anayamba kukhazika pamodzi amayi, abambo ndi agogo, kuphika limodzi ndi kukambirana za ntchito za pakhomo, ndipo m'midzi imene inatenga nawo mbali kwa nthawi yaitali ana anayamba kukula bwino. Ndi anzathu a boma lomwe lino, nthaka yofanana, miyambo yofanana.

Nanga phala loyenera ndi lotani? Tengani makapu 4 a chimanga chosakonola ndi kapu 1 ya soya, mofanana ndi mmene Likuni Phala amapangidwira. Soya asakhale wamuwisi, chifukwa wamuwisi amavuta kugayika m'mimba. Mukazingeni bwino, kapena mumuthire m'madzi owira kale, aphike, muyanike. Musayambe mwamuviika m'madzi ozizira, ndi pamene pamachokera fungo lija ana amadana nalo. Mukagaitsa pamodzi, pophika thiranimo supuni ya nsinjiro. Lero onjezani supuni ya ufa wa usipa, wokazinga pang'ono n'kusinja wonse, mutu ndi maso omwe, osadula mitu. Mawa muswere dzira, lipse bwino. Mkuja masamba osinja kapena peyala. Phala likhale lolimbirako, loti silikuyenderera pa supuni. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, kuwonjezapo chipatso pakati, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri. Ndipo akhale ndi kambale kakekake. M'mbale ya onse, mwana wa chaka sangapikisane ndi akulu ake.

Chenjezo limodzi pa mtedza. Chizolowezi chathu n'chakuti wabwino timasankhira msika, wonyala ndi wowola timati uwu ndi wa nsinjiro. Mtedza wa chuku uli ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, chiwindi chomwe chija tati chimalongedza mafuta a ubongo. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Ngati wogula wa ku Lilongwe akukana mtedza umenewo, mwana wanu aulandire chifukwa chiyani? Umitsani bwino, osanyowetsa makoko pofuna kuswa mosavuta, ndipo wa mwana ukhale giredi yoyamba.

Wina anena kuti, "A alangizi, mukuyankhula ngati simudziwa kuti pali fizi, pali ngongole, pali feteleza." Ndikudziwa, inenso ndine kholo. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwana akudya ufa wa phala wokwana magalamu 100 pa tsiku. Mwa amenewo, soya ndi magalamu 20. Pa masiku 365 ndi makilogalamu 7 ndi pang'ono. Ndowa imodzi sikwana n'komwe kudzaza. Thumba limodzi la makilogalamu 50 lingadyetse ana asanu ndi mmodzi chaka chathunthu, n'kutsalako. Bambo uja ndanena poyamba sanasowe soya. Anasowa munthu womuuza kuti apatule ndowa imodzi, ndipo munthu ameneyo anayenera kukhala ine. Ndalama imene anawononga pa mayendedwe a ku chipatala, ndi masiku amene mayi anasiya kupalira, zinaposa mtengo wa ndowa ija kutalitali.

Azibambo anzanga, ndi inu amene ana anu ali ku Joni ndipo amatumiza ndalama pa foni: pa ndalama imeneyo pakhale ya kamulu ka usipa, matemba kapena kapenta kawiri kapena katatu pa sabata. Mtengo wake sufika pa zimene timasiya pa malo omwera tsiku limodzi la msika. Nkhuku ikaphedwa, chiwindi chipite kwa mwana ndi mayi ake. Nthutumba titha kukambirana.

Ndimalize ndi zopempha zinayi kwa kopaletivi. Ine si membala, sindivota, ndingoika pa tebulo kuti mukakambirane pa msonkhano waukulu wa pachaka.

Choyamba, pamene mlembi akulemba matumba amene membala wabweretsa, pakhale funso limodzi lowonjezera: "Mwasiya zingati kunyumba?" Pa khomo pamene pali mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka zisanu, ndowa ya soya, ndowa ya mtedza wabwino ndi ndowa ya nyemba zipatulidwe sikelo isanayambe. Tizitche gawo la mwana.

Chachiwiri, mmene timagulira mbewu ndi feteleza pamodzi kuti mtengo utsike, tiyesenso kugula usipa wouma pamodzi nthawi imene wachuluka ku nyanja, n'kugawana. Galimoto imene yapita ndi katundu wathu isamabwerere yopanda kanthu.

Chachitatu, tiganizire zogaitsa ufa wa phala wosakaniza ngati gulu, woyamba wa ana a mamembala. Zikayenda bwino ndipo tikakwaniritsa zofunika za a Malawi Bureau of Standards, umenewo ungadzakhale malonda ena a kopaletivi, m'malo mogulitsa soya wosagaya nthawi zonse.

Chachinayi, pa msonkhano wa pachaka, msungichuma akatha kuwerenga za sikelo ya matumba, tiitane mlangizi wa zaumoyo atiuze mmene ana a m'midzi yathu akuyendera pa sikelo inayo, osatchula maina. Ndipo kawiri pa chaka tiziphika limodzi, abambo atagwira mthiko, agogo ali pompo.

Mwana uja anachira, lero ali pa sukulu. Ndikakumana naye panjira amandipatsa moni, ine mtima umandigunda, chifukwa zimene ubongo wataya m'zaka ziwiri zoyamba n'zovuta kuzibweza zonse. Bambo ake chaka chilichonse amayamba apatula ndowa za pakhomo asanaitane ngolo, ndipo ang'ono ake a mwana uja sanapondeko pa mzere wa chiponde.

Ana amene ali kumsana lero pa bwalo lino, kopaletivi ikamadzakwanitsa zaka makumi awiri adzakhala ali ku pulayimale, akulimbana ndi masamu. Ikamadzakwanitsa makumi atatu, ena mwa iwo ndiwo adzagwire mabuku a msungichuma ndi kukambirana mitengo ndi ogula. Mutu umene adzawerengere nawo ndalama zanu ukumangidwa chaka chino, ndi zimene zili m'nkhokwe zanu.

A Wapampando, mafumu, amayi ndi abambo, ndadya nthawi yanu. Chikondwerero chabwino cha zaka khumi.